Batire ya mumtima: mafunso ndi mayankho okhudza pacemaker

Wodwala akabwera kuchokera kuchipatala n'kunena kuti adokotala akufuna kumuika batire mumtima, pakhomo pamagwa bata. Ena amaganiza kuti mtima watha ntchito ndipo akufuna kuikapo makina m'malo mwake. Si choncho. Pacemaker sipopa magazi ngakhale dontho limodzi. Ntchito yake ndi kumvetsera mtima usana ndi usiku, n'kuukumbutsa kugunda ukachedwa. Nawa mafunso amene odwala ndi achibale awo amafunsa kawirikawiri.

Kodi chimachititsa mtima kugunda n'chiyani?

Magetsi, koma opangidwa ndi thupi lenilenilo. Mtima ndi mnofu wa zipinda zinayi: ziwiri zam'mwamba zimalandira magazi, ziwiri zam'munsi zimawapopa kupita kumapapo ndi m'thupi monse. Pamwamba pa chipinda cham'mwamba chakumanja pali kagulu ka maselo kamene madokotala amakatcha SA node. Kameneka ndiye woimba ng'oma pagule. Munthu wamkulu akakhala phee, kamatulutsa kamphamvu ka magetsi ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi, ndipo patsiku mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 popanda mwiniwake kuutuma.

Kamphamvuko kakatuluka kamafalikira m'zipinda zam'mwamba, zimene zimafinyika n'kukankhira magazi pansi. Kenako kamafika pachipata china chotchedwa AV node, ndipo apa kamaimitsidwa pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Kuchedwa kumeneku n'kwadala. Amene anaonapo amayi awiri akusinja mumtondo umodzi akudziwa: musi wina ukamatsika, winawo uli m'mwamba, ndipo akangosokoneza kasinthanidweko misi imawombana, chimanga n'kumwazika. Zipinda zam'munsi ziyenera kudikira kuti zidzaze kaye. Zikadzaza, kamphamvuko kamatsika ndi timisewu ta m'khoma la pakati pa mtima, n'kufika m'mnofu wonse wa pansi pafupifupi nthawi imodzi. Kufinyika kumeneko ndiko mumamva mukagwira pamkono.

Ndiye chimalakwika n'chiyani kuti munthu afunike pacemaker?

Kawirikawiri ndi chimodzi mwa ziwiri. Choyamba, woimba ng'omayo amatopa: SA node imayamba kutumiza uthenga mochedwa, kapena kupumira masekondi angapo. Chachiwiri, ng'oma ikulira bwinobwino koma uthenga sukudutsa pachipata. Madokotala amati heart block. Imakhalapo yochepa, pomwe uthenga umangochedwa, ndi yapakati, pomwe mauthenga ena amasochera. Yoopsa ndi pamene palibe uthenga umene ukudutsa. Zikatero zipinda zam'munsi zimayamba kudziimbira ng'oma yawoyawo, koma ndi ng'oma yaulesi, ka 30 kapena ka 40 pa mphindi, nthawi zina kutsikirapo, ndipo ikhoza kuleka popanda chenjezo.

Gwero lofala ndi ukalamba, chifukwa timisewu ta magetsi timauma n'kuchita zipsera. Kumabweranso mtsempha wodyetsa mtima ukatsekeka, mnofu wa mtima ukatupa ndi matenda, kapena pambuyo pa opaleshoni yokonza mavavu (zitseko za m'kati mwa mtima), poti timisewuto timadutsa pafupi ndi pomwe amasoka. Ana ena amabadwa nako.

Pali zinanso zochepetsa liwiro la mtima zomwe sizifuna pacemaker konse: mankhwala monga atenolol, propranolol ndi digoxin, mchere wa potaziyamu ukachuluka m'magazi chifukwa cha impso zodwala, kapena chithokomiro chikafooka. N'chifukwa chake dokotala wabwino amayamba wafunsa mapiritsi amene mukumwa ndi kuyeza magazi asanatchule za opaleshoni. Pitani ndi mapaketi ake onse, ngakhale amene munagula nokha.

Kodi munthu angadziwe bwanji kuti mtima wake ukuchedwa?

Kutopa kosadziwika bwino, chizungulire, befu pokwera kamtunda kamene kale sikanali kanthu, kuona mdima poimirira. Chizindikiro chachikulu ndi kukomoka mwadzidzidzi. Munthu ali chikhalire akucheza, nkhope imatuwa, wagwa. Pasanathe mphindi wadzuka, akulankhula bwinobwino, sakudziwa chimene chachitika. Nthawi zina manja ndi miyendo zimagwedezeka pang'ono chifukwa ubongo wasowa magazi, ndipo apa m'pomwe mabanja amasokonezeka. Ena amati ndi khunyu, ena amati agogo alodzedwa. Gogo akayamba matenda akugwa atakalamba kale, wina agwire pamkono n'kuwerenga kugunda kwa mtima kwa mphindi yathunthu, wotchi ili m'manja. Nambala imeneyo mukaiuze adokotala. Kuyeza kwa ECG, komwe amamata timawaya pachifuwa n'kujambula magetsi a mtima papepala, kumatenga mphindi zochepa ndipo sikupweteka. Ngati vutolo limabwera n'kupita, amatha kukupatsani kamakina kovala tsiku lathunthu kapena awiri kuti kaligwire.

Mtima wanga umagunda ka 52. Ndithamangire kuchipatala?

Ngati muli bwinobwino, simukomoka ndipo mumagwira ntchito zanu, mwina palibe vuto. Othamanga, osewera mpira ndi anyamata a kabaza ambiri mitima yawo imagunda pang'onopang'ono chifukwa ndi yamphamvu, ndipo tonsefe liwiro limatsika tikagona. Chodetsa nkhawa ndi nambala yotsika ikabwera pamodzi ndi zizindikiro zija.

M'kati mwa kachipangizoka muli chiyani?

Kali ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi kabokosi kopyapyala kachitsulo cha titanium, kaching'ono kuposa bokosi la machesi, kolemera magalamu pakati pa 20 ndi 50. Titanium anaisankha chifukwa siichita dzimbiri ndipo thupi sililimbana nayo. M'katimo muli batire, yomwe imatenga malo ambiri, ndi kakompyuta kowerenga nthawi. Mbali yachiwiri ndi mawaya ofewa okutidwa bwino, amene amachoka pakabokosi kudzera mumtsempha wa magazi mpaka m'kati mwa mtima. Kunsonga kwa waya kumakhala kasikuluwu kakang'ono kapena timinga tofewa togwira mnofu.

Ena amaikidwa waya mmodzi, kawirikawiri m'chipinda cham'munsi chakumanja. Ena awiri, wina m'mwamba wina pansi, kuti kusinthana kwa misi kuja kubwerere. Palinso ya mawaya atatu, yothandiza odwala ena amene mtima wawo unafooka ndipo mbali yakumanja ndi yakumanzere sizifinyikira limodzi. Kuyambira 2016 ku America anavomereza ina yopanda waya, yotchedwa Micra, yaikulu ngati kapisozi wa mankhwala. Imeneyi amailowetsa kudzera mumtsempha wa m'ntchafu n'kuikhazika m'kati mwenimweni mwa mtima.

Nanga kamadziwa bwanji nthawi yoti kagunditse mtima?

Apa ndiye pagona nkhani. Waya uja amagwira ntchito ziwiri: ndi khutu, komanso ndi chala chokodola. Mtima ukagunda pawokha umatulutsa timagetsi tochepa kwambiri, ndipo wayayo amatimva n'kukanena kukabokosi.

Tiyerekeze kuti adokotala atchera kuti mtima usatsike kuposa ka 60 pa mphindi. Ndiye kuti pakati pa kugunda kumodzi ndi kotsatira pasapitirire sekondi imodzi. Mtima ukangogunda, kakompyutako kamayamba kuwerenga. Ukagundanso sekondi isanathe, kamafufuta zomwe kanawerenga n'kuyambiranso, osachita kanthu. Sekondi ikatha kuli zii, kamatumiza kamphamvu kamodzi kudzera muwaya. Kamphamvuko n'kochepa zedi, ngati ka mabatire awiri a tochi, ndipo sikatha n'komwe gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Koma n'kokwanira kudzutsa maselo ali pansonga ya waya, amenewo n'kudzutsa anzawo, mpaka chipinda chonse chafinyika ndi mphamvu zakezake. Kenako kuwerenga kumayambiranso.

Ya mawaya awiri imachita zoposa apa. Kwa munthu wa heart block, SA node yake nthawi zambiri imakhala ili bwinobwino. Choncho waya wam'mwamba amangomvetsera ng'oma yachibadwa, kabokosi kamadikira kanthawi kaja ka pachipata, ndipo ngati uthenga sunadutse, waya wapansi amaupereka. Kachipangizoka kamasanduka mlatho pamalo pomwe wakale unakokoloka. Munthuyo akakondwa, akachita mantha, akathamangira minibasi, mtima wake umafulumira monga kale chifukwa woimba ng'oma akadali yemwe uja.

N'chifukwa chake anthu awiri okhala ndi pacemaker yofanana sakhala mofanana. Wina kachipangizo kake kamagwira ntchito pa kugunda kulikonse. Wina kamangolowererapo kangapo pamlungu, nthawi yonse yotsalayo kali chete kumvetsera. Popita kukaonedwa, makina a adokotala amasonyeza kuti kagwira ntchito kangati pa 100 paliponse.

Ngati SA node ndiyo yafooka, kamadziwa bwanji kuti ndikuyenda kapena ndagona?

M'kabokosi muli kachida komva kugwedezeka kwa thupi, kofanana ndi kamene kamatembenuza chithunzi pafoni mukaipendeketsa. Mukayamba kuyenda ndawala kamakweza liwiro, mukakhala pansi kamalitsitsa pang'onopang'ono. Mitundu ina imayezanso kapumidwe. Sikuti kamalondola nthawi zonse. Pagalimoto mumsewu wa mabampu kakhoza kuganiza kuti mukuthamanga, pomwe popalasa njinga, poti chifuwa sichigwedezeka kwenikweni, kakhoza kuchedwa kukweza. Zimenezi adokotala amatha kuzikonza mukawauza.

Kodi ndizimva shoko?

Ayi, kamphamvu ka pacemaker simukamva. Chimene chimamenya shoko ndi chipangizo china chokulirapo chotchedwa ICD, choikidwa kwa anthu amene mtima wawo umatha kuthamanga mosokonekera mpaka kuleka kupopa. Anthu amasokoneza ziwirizi chifukwa zimaikidwa pamalo amodzi. Mukamamva mnofu wa pamimba ukudumphadumpha motsatira kugunda kwa mtima, kauzeni adokotala, chifukwa mwina waya akukodola mnofu wopumira.

Opaleshoni yake ndi yaikulu bwanji?

Sang'amba chifuwa, ndipo kawirikawiri sagoneka munthu tulo. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi pansi pa fupa lopingasa lochoka pakhosi kupita paphewa, nthawi zambiri kumanzere, n'kucheka pafupifupi masentimita 5. Waya amamulowetsa mumtsempha wa pamenepo, n'kumamutsatira pa ekisire mpaka wafika mumtima. Amayeza ngati akumva bwino ndi kugunditsa bwino, amamulumikiza kukabokosi, kabokosiko n'kukalowetsa m'kathumba pansi pa khungu. Zonse zimatenga ola limodzi kapena awiri, ndipo ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Zovuta zilipo, ngakhale sizichitika kawirikawiri: magazi kuundana m'kathumba, singano kuboola nsonga ya phapo, waya kusuntha, ndi majeremusi kulowa. Pa zonsezi majeremusi ndiwo osafunika kuwazengereza. Chilonda chikafiira, chikatupa, chikatuluka mafinya, kapena thupi likatentha popanda chifukwa chodziwika, bwererani kuchipatala. Musachifinye, musathirepo mankhwala azitsamba, ndipo musakhutire ndi makapisozi a pagolosale. Majeremusi akagwira pachitsulo ndi pawaya, nthawi zambiri njira ndi kuchotsa zonse n'kuika zina.

Ndidzathanso kulima, kusenza ndowa, kugona ndi mnzanga?

Inde, zonsezo. Kwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira musakweze mkono wa mbali imeneyo kupitirira phewa, musanyamule zolemera, ndipo khasu, nkhwangwa ndi musi zidikire. Nthawi imeneyi nsonga ya waya imakhala ikumera mnofu woigwira. Koma mkonowo musaumange ngati wothyoka, phewa lingaume. Chilonda chikapola ambiri amadabwa kuti ali ndi mphamvu kuposa zaka zapitazo, poti ubongo ndi minofu zayambanso kulandira magazi okwanira. Amayi okhala ndi pacemaker amatenga pakati n'kubereka. Chinthu chimodzi chopewa moyo wonse ndi chizolowezi choseweretsa kabokosi ndi zala pakhungu. Kakazungulira m'kathumba kamakulunga mawaya mpaka kuwazula mumtima.

Amene ali ku Britain adziwe kuti ayenera kudziwitsa a DVLA, bungwe loona za ziphaso zoyendetsera galimoto, ndipo woyendetsa galimoto wamba amadikira mlungu umodzi asanagwirenso chiwongolero, wa basi kapena lole milungu isanu ndi umodzi.

Batire amaichajisa bwanji? Nanga magetsi akazima?

Sichajidwa, ndipo ilibe nazo ntchito za magetsi a m'nyumba. Imakhala zaka pakati pa 5 ndi 15, malinga ndi mtundu wake komanso kuchuluka kwa ntchito imene ikugwira. Siifa mwadzidzidzi ngati ya foni. Mphamvu yake imatsika pang'onopang'ono, ndipo kachipangizoka kamapereka chizindikiro pa makina a adokotala kudakali miyezi. Nthawi ikakwana amatsegula kathumba kaja n'kusintha kabokosi konse, chifukwa batire ndi yomatiridwa m'kati. Mawaya akakhala bwino amawasiya omwewo.

Funso la kuzima kwa magetsi si lachibwana, chifukwa ndilo linabala pacemaker ya batire. M'zaka za m'ma 1950 makina ogunditsa mtima anali aakulu, oyendetsedwa pa ngolo, olumikizidwa kukhoma. Pa 31 October 1957 magetsi anazima mumzinda wa Minneapolis ku America, ndipo dokotala wochita opaleshoni ya mitima ya ana, C. Walton Lillehei, anaona kuti moyo wa odwala ake ukudalira waya wa pakhoma. Anapempha Earl Bakken, katswiri wa zamagetsi amene ankakonza makina a chipatalacho, kuti apange china. Bakken anatengera mapulani a kachipangizo kamene oimba amasungira liwiro la nyimbo, ndipo m'milungu inayi anabwera ndi kabokosi ka batire kovala kunja kwa thupi. Kampani yake, Medtronic, lero ndi imodzi mwa zazikulu zopanga ma pacemaker. Mabatire oyambirira oikidwa m'thupi ankatha m'zaka ziwiri zokha, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 pamene Wilson Greatbatch wa ku Buffalo anabweretsa batire ya lithium.

Foni, maginito, jenereta: ndiope ziti?

Zambiri za m'nyumba zilibe vuto: wailesi, TV, firiji, ayironi, mayikulowevu, magetsi a sola. Foni gwiritsani ntchito, koma ikhale masentimita 15 kutali ndi kabokosi. Imbirani khutu la mbali inayo, ndipo musaiike m'thumba la malaya la pachifuwa kapena m'kamisolo, chizolowezi chimene amayi ambiri ali nacho. Mafoni ena atsopano ali ndi maginito amphamvu kumbuyo.

Maginito akayandikira, pacemaker imaleka kumvetsera n'kumangogunditsa pa liwiro limodzi mpaka atachotsedwa. Anaipanga choncho mwadala kuti madokotala azitha kuiyesa, koma si zoseweretsa, choncho musakumbatire masipika akuluakulu a pa ukwati. Makina owotcherera zitsulo ndi majenereta akuluakulu amatulutsa phokoso la magetsi limene kachipangizoka kangaliyese kugunda kwa mtima, n'kukhala chete pomwe kanayenera kugwira ntchito. Amene amadya za kuwotcherera akambirane ndi adokotala asanabwerere kushopu. Mukamva chizungulire pafupi ndi makina aliwonse, ingosunthani, zimatha zokha.

Pabwalo la ndege onetsani khadi lanu, dutsani pachipata osaima, ndipo wosecha asakhazike ndodo yake pachifuwa. Ekisire ndi sikani ya mimba zilibe vuto. MRI, sikani yogwiritsa ntchito maginito amphamvu, ndi nkhani ina: ma pacemaker ambiri atsopano amalola, koma ayenera kutcheredwa kaye. Pa opaleshoni iliyonse, ngakhale kwa dokotala wa mano, nenani kuti muli nayo.

Ndiye kuti mankhwala a BP ndisiya?

Ayi. Pacemaker imathetsa vuto limodzi lokha, la mtima wochedwa. Sitsitsa BP, sitsegula mitsempha yotsekeka, sikonza mavavu, ndipo wamba sangabweze mtima wothamanga.

Woyamba kuikidwa anali ndani, ndipo anakhala nthawi yaitali bwanji?

Anali Arne Larsson wa ku Sweden, wa zaka 43, amene ankakomoka kambirimbiri patsiku chifukwa cha heart block. Mkazi wake, Else-Marie, atamva kuti pachipatala cha Karolinska akuyesa kachipangizo kotere, anawaumiriza madokotala mpaka anavomera. Rune Elmqvist anakapanga, n'kukaumba m'chikombole cha kachitini ka polishi wa nsapato wa Kiwi, yemweyu timamudziwayu. Dokotala Åke Senning anakaika pa 8 October 1958. Kanagwira ntchito maola atatu okha, m'mawa mwake anaika kachiwiri. Larsson anasinthidwa ma pacemaker 26 pamoyo wake ndipo anamwalira mu 2001 ali ndi zaka 86, ndi khansa. Onse awiri, wopanga ndi woika, ndiwo anayamba kumwalira iye akadali moyo.

Kwathu kuno zimatheka?

Kupeza vutolo n'kotheka, chifukwa chofunika ndi dzanja pamkono ndi ECG, yomwe zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zimachita. Chovuta ndi kuika. Pamafunika chipinda chokhala ndi ekisire yoonetsa zinthu zikuyenda, dokotala wophunzira ntchitoyi, ndi kachipangizo kamene mtengo wake ndi madola masauzande angapo. M'maiko ambiri a kum'mwera kwa Sahara malo oikira ndi owerengeka, ndipo mabanja ena amafika potumiza wodwala ku India, ku South Africa kapena ku Jakaya Kikwete Cardiac Institute ku Dar es Salaam.

Amene akupita kunja asabwerere asanafunse funso ili: akandiyeza ndani kwathu? Pacemaker imafuna kuonedwa kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo kampani iliyonse, kaya Medtronic, Abbott, Boston Scientific kapena Biotronik, ili ndi makina akeake oiwerengera. A kampani ina sangatchere ya inzake. Ndi bwino kufufuza mtundu umene ungayezedwe pafupi ndi kwanu musanasankhe, kusiyana n'kudzazindikira batire ili pafupi kutha. Khadi lolembedwa dzina la kampani, nambala ya kachipangizo ndi tsiku loikidwa lizikhala m'chikwama limodzi ndi chiphaso, ndipo wachibale mmodzi akhale ndi chithunzi chake pafoni.

Kodi munthu wa pacemaker amavutika kumwalira? Ena amati mtima sungaime.

Umaima. Kachipangizoka kamangokodola, ndipo mnofu umene wafa suyankha. Munthu akamatsirizika ndi khansa, sitiroko kapena ukalamba, kamapitiriza kutumiza timphamvu take koma palibe chimachitika, ndipo sikatalikitsa ululu. Osambitsa maliro asaope kugwira pachifuwa, sikamenya shoko. Poika m'manda palibe chifukwa chokachotsera. Kumene amawotcha mitembo, monga zimachitikira kawirikawiri ku Britain ndi m'mizinda ina ya ku South Africa, amayamba akachotsa chifukwa batire imaphulika pamoto.

Zina mwa zochotsedwazo zimakhala zikadali ndi zaka zambiri m'batire. Pa University of Michigan pali ntchito yotchedwa My Heart Your Heart, ndipo ku Britain kuli bungwe la Pace4Life, amene amatolera ma pacemaker oterewa ndi chilolezo cha achibale, kuwayeza, kuwatsuka ndi kupha majeremusi onse, kuti akaikidwe mwa odwala a m'maiko osauka amene sakanatha kugula atsopano. Mawaya okha ndiwo amaika atsopano.